Makutu Obwereka a Bambo Sipanala

Mumsewu mwathu muno aliyense amawadziwa a Sipanala, amakaniko a pagalaja ya chitseko cha malata ija, koma munthu wofunika kumudziwa bwino ndi akazi awo, mayi Telala. Iwowa amasoka pakhonde la kuseri, khoma limodzi ndi galajayo, ndipo chilowereni m'banja akhala akusokera mu utsi ndi m'phokoso. Ndi mayi wosalankhulalankhula, mapini kukamwa, tepi m'khosi. Koma khutu lake! Makina a mnzawo akamadumphitsa ulusi kutsidya kwa msewu, iwo amangotumiza mawu kuti singano yapindika, asinthe.

Magalimoto obwera pagalajapo anali ambiri, koma imodzi yokha ndi imene mayi Telala ankaitcha "mkazi wamng'ono." Kanali kagalimoto kofiira ka adokotala a mano, ka mipando iwiri, kafupi ngati kakukwawa ndi mimba, koti pahampu kamadutsa chammbali ngati nkhanu. Injini yake ndiye inali nkhani. A Sipanala akayamba kuifotokoza, tiyi ankazizira m'kapu.

"Iyi si injini ya matola ayi. Anaipanga yothina paliponse, pakati pa zitsulo zake ngakhale tsitsi silingalowe. Ikakhala yozizira, osaiponda moto, idikireni oyilo akwere kaye. Oyilo wakenso si wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewuyu. Mukaisamala sikugonetsani panjira. Mukaichita chibwana tsiku limodzi lokha, imadzitafuna yokha."

"Ine chikhalireni simunandifotokozepo mokoma choncho," ankatero mayi Telala.

"Inu mumadzuka nokha bwinobwino, mayi a mwana. Uyu amafuna kunyengerera."

Chida chachikulu cha a Sipanala sichinali m'bokosi. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pakhutu, maso n'kutseka, kenako n'kunena chimene chikudwala m'katimo asanamasule nati ngakhale imodzi. Adokotala a mano sankalola munthu wina aliyense kutsegula boneti ya kagalimoto kawo.

Ndiye ukalamba sugogoda. Tinayamba kumva wailesi ya kwa a Sipanala ngati ili m'nyumba mwathu. Tsiku lina mayi wogulitsa tomato anawapatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" iwo n'kuyankha kuti, "Ndi mapulagi amenewo." Ife tinaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi Telala sanaseke. Anali atazindikira kalekale, ndipo anangoyamba kumagogoda patebulo asanalankhule, n'kumawayang'ana amuna awo kumaso kuti awerenge milomo. Mawu oti kugontha sanatuluke pakamwa pa aliyense m'nyumba imeneyo. Nanga makaniko wosamva angamubweretsere galimoto ndani?

Kenako mwana wamkazi wa adokotala anachira kutali uko, kuseri kwa mapiri, ndipo adokotala anafuna kukaona mdzukulu pa kagalimoto kawo kofiira. Anakasiya pagalaja kuti kakonzedwe za ulendo. A Sipanala anasintha oyilo, anasintha mapulagi, anapukuta chilichonse chopukutika.

M'mawa uliwonse akaliza injini, mayi Telala ali pamakina awo ankamva kanthu kachilendo. Tcherere, tcherere, ngati bobini yolowa molakwika, kanthawi kochepa chabe, kenako zii, injini n'kumalira bwinobwino. Poyamba anati eni ake akudziwa. Koma tsiku la ulendo anasuzumira pakhomo n'kuona amuna awo atseka boneti, akupukuta galasi uku akuimba mluzu wopanda nyimbo. Adokotala anali oti abwera masana kudzakatenga kagalimoto kawo.

Mayi Telala anakhala kaye pansi, lumo lili m'manja. Akakhala chete, mkazi wamng'ono akafera m'mapiri ndi adokotala m'kati, ndipo dzina la amuna awo likafera konko. Akalankhula, ndiye kuti aulula chimene bambowa akhala akubisa ngakhale kwa iwo eni. Analavulira mapini m'mbale n'kulowa m'galaja, malo amene ankangofika pakhomo pokha akabweretsa tiyi.

"Bambo a mwana, mkazi wanuyu akukhosomola."

"Mwati?"

Anayandikira. "Ndati akukhosomola. M'mawa mukangoliza, kutsogolo uku kumalira tcherere, kenako kumasiya."

A Sipanala analiza injini, anaika sikuludiraiva pakhutu, anamvetsera uku ndi uku. "Palibe kanthu. Mwayamba liti umakaniko, mayi a mwana? Ine ndinalowererapo pa madiresi anu?"

"Panopa yatentha, sichita. Imachita ikagona usiku wonse. Nthawi imeneyo inu mumakhala m'katimo mukupotokola kiyi."

"Ndikanamva."

Mayi Telala anawagwira dzanja lamafuta lija, chinthu chimene ife sitinaonepo masana. "Simukanamva, bambo. Ngakhale ketulo simuimva masiku ano."

A Sipanala anakhala pa tayala lakale, nsanza ili m'manja, akuipinda n'kuifunyulula. Atadzutsa mutu anafunsa motsitsa kuti, "Kulira kwake ngati chitsulo chikukhula chitsulo, kapena ngati chikugogoda?"

"Ngati chikukwapula. Ngati lamba wa makina anga akatayirira."

"Tcheni," anatero a Sipanala. Nkhope inagwa. M'kati mwa injini muja muli tcheni chimene chimayendetsa mavavu kuti azitseguka ndi kutseka pa nthawi yake. Chikatayirira n'kudumpha dzino limodzi galimoto ili pa liwiro, mapisitoni amawomba mavavu, basi injini yatha. Ndipo ya mtundu umenewu sungaipeze pa sikirapu.

Adokotala anafika masana atavala chipewa cha ulendo, chikwama cha mphatso za mdzukulu chili m'manja.

"Mkulu, tanyamuka?"

A Sipanala akanatha kunamizira sipeya kapena oyilo. Anaima chilili n'kunena kuti, "Adokotala, lero ayi. Pali phokoso limene amva akazi angawa. Ine sindinalimve. Makutu anga atha. Ndipatseni mpaka mawa injini izizire, nditsimikize."

Adokotala anawayang'ana, anayang'ana mayi Telala, kenako anavula chipewa. "Mdzukulu sathawa, sanayambe n'kukwawa komwe. Koma mkulu, inu mumaganiza kuti sindimadziwa? Chaka chonsechi ndakhala ndikukuwa ngati ndikuitana ng'ombe."

M'mawa mwake mayi Telala analowa m'kagalimoto kaja koyamba m'moyo wawo. Kulowa kwake kunali ntchito, mawondo kufika pachibwano.

"Ndiye mumandisiyira ine chifukwa cha kabokosi aka?"

"Phazi lanu lisakhudze chilichonse! Kiyi yekha!"

A Sipanala anayala chikhatho pa chivundikiro cha kutsogolo kwa injini. Mayi anapotokola kiyi. Tcherere, tcherere. Chimene khutu linakana, dzanja linamva: tcheni chikukwapula chivundikiro, mpaka oyilo atakwera n'kuchikoka. Atamasula anapeza kachitsulo kokungira tcheni katadyeka, ndipo tchenicho chitayamba kale kukumba kanjira m'chivundikiro. Anakatenga kachitsuloko n'kukaika m'manja mwa akazi awo. Mayi Telala mpaka lero amapsinjira nako nsalu podula.

Sipeya itapezeka, adokotala anapita, anakanyamula mdzukulu, anabwerako injini ikuimba. Pobwera anawatengera mayi Telala lumo latsopano, ndipo anawakokera a Sipanala kwa dokotala mnzawo woona za makutu, amene anawaika kachipangizo kuseri kwa khutu. Wailesi inatsika, ifenso tinapuma.

Koma pitani m'mawa pagalajapo, mukaona mpando wa pulasitiki pafupi ndi khomo, pamwamba pake kapilo kosokedwa ndi zidutswa za nsalu. Galimoto iliyonse yogona pamenepo sailiza mayi Telala asanakhalepo. Amatseka maso, manja pamiyendo, n'kunena kuti iyi ikulira ngati singano yobuntha, iyi ngati ulusi wothina, ndipo a Sipanala amamasulira m'chinenero cha zitsulo. Oyendetsa matakisi afika pomafunsa kuti, "Amayi alipo?" asanapereke n'komwe moni kwa mwini galaja.

Tsiku lina mayi wa tomato uja anawafunsa a Sipanala kuti nanga kachipangizo kaja sikagwira ntchito, poti akuwasiyitsabe amayi zosoka m'mawa uliwonse.

"Kamagwira," anatero. "Koma injini imamveka ngati ili m'chitini. Awa ndiye amamva zenizeni."

Mayi Telala, ali pampando wawo, anayankha motsitsa kwambiri, pafupifupi monong'ona, kuti, "Bodza. Angozolowera kundiona."

A Sipanala anali chakumbuyo, mutu uli m'boneti. Koma tonse tinawaona mapewa akugwedezeka ndi kuseka.