Ndinkataya Mapiritsi a Magazi Chifukwa cha Nsanje

Inu owerenga, makamaka amayi oyembekezera, ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga woyamba, ndipo sindingaloze mfiti kapena dokotala. Chinandipweteketsa ndi nsanje yanga.

Ndimakhala ku Kabwata ndipo ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, kumsika wa Soweto. Mng'ono wa amuna anga anakwatira mtsikana wa ku Copperbelt, dzina lake Mwansa, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni. Amakhala ku Woodlands, nyumba ya mpanda, galimoto yakeyake. Ndiye zinangochitika kuti tinatenga pathupi nthawi imodzi. Iye kusikelo ankapita pagalimoto atatchena, ine ndikupanikizana m'minibasi, chitenje chili pamimba. Ndikamuona mtima unkandiwawa, sindinama.

Chimodzi chokha ndinkamuposa: apongozi ankakonda ine. Iwo ndi a kum'mawa ngati ine, ndipo malangizo awo ndinkamvera onse. Ankati woyembekezera asadye mazira, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ankatinso mapiritsi owonjezera magazi amene timalandira kusikelo aja amakulitsa mwana m'mimba, mapeto ake n'kukachitidwa opaleshoni.

Mwansa sankatsutsa mwamwano ayi. Akamva langizo, ankakawerenga pafoni zimene ofufuza zaumoyo anapeza, kenako n'kukafunsa anamwino. Zina ankavomera, monga kusanyamula zolemera. Zina ankakana. Mazira ankadya, mapiritsi ankamwa. Tsiku lina kwa apongozi ku Chelstone anandipeza ndikutafuna dothi lija timagula pamsika. Anandikokera pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Ba mulamu, dothi limachepetsa magazi. Muzimwako mapiritsi, sakulitsa mwana, ine ndinafunsa."

Ndinamuyankha mokweza kuti mimba yake aziyendetsera pafoni, yanga aisiye. Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunditcha mpongozi weniweni. Ndinabwerera kunyumba ndikunyada. Kunena zoona, mumtima ndinkadziwa kuti Mwansa akunena zanzeru, pakuti anamwino ankanenanso zomwezo. Koma kumumvera kunali kuvomera kuti amandiposa pa chilichonse, ndi nzeru zomwe. Mapiritsi ndinkalandira ndithu, koma ndikafika kunyumba ndinkawaponya m'chimbudzi. Ndinkalakalaka kuti iye akang'ambidwe, ine ndikabereke bwinobwino, achibale onse aone.

Mimba itakula ndinayamba kumva chizungulire, m'manja mutayera, ndikangosuntha belo la zovala befu. Ndinabisa, kuopa kuti Mwansa angamve. Mmawa wina ndinagwa pabenchi pomwe ndimagulitsira, anzanga n'kundithamangitsira kuchipatala. Kumeneko anati magazi achepa kwambiri. Mwana anabadwa masiku asanakwane, kamnyamata kokwana m'manja, ndipo anathamangira nako kuchipinda cha ana osakwana masiku ndisanakagwire n'komwe. Ine ndinatsala pabedi akundithira magazi a munthu amene sindimudziwa.

Dokotala atafunsa ngati ndinkamwa mapiritsi, ndinayang'ana kukhoma. Apongozi anali pomwepo, ndipo anangoti, "Ife tinkangonena zimene tinamva kwa akuluakulu, odziwa ndi anamwino." Ndinamva ngati andithira madzi ozizira.

Amene ankabwera ndi chakudya kuchipatala anali Mwansa yemweyo, mimba ili patsogolo, osanena n'kamodzi komwe kuti ndinakuuzani. Iye anadzabereka nthawi itakwana, mwana wathanzi, popanda vuto. Mundikhululukire, ngakhale pamenepo kansanje kanandigwira.

Wanga anapulumuka, koma mpaka lero ndi wodwaladwala, chifuwa sichimusiya. Madokotala amati ana obadwa masiku asanakwane ena amatero. Akamasewera ndi mbale wake, mwana wa Mwansa uja, amatopa msanga, n'kubwera kudzakhala pamiyendo panga. Amandifunsa chifukwa chake sathamanga ngati mnzake.

Amayi anzanga, makolo musawanyoze, amanena pofuna zabwino. Koma langizo lililonse lokhudza mimba, kaya lachokera kwa apongozi, kaya pafoni, muzikalifunsa kusikelo musanalitsate, ndipo muzifunsanso kuti umboni wake ndi wotani. Choonadi chikatuluka pakamwa pa munthu amene mumamuchitira kaduka, chitengeni basi, kumuda mudzamuda mutabereka. Ine ndinkapikisana ndi Mwansa, koma amene akuvutika ndi mwana yemwe sankadziwa n'komwe kuti pali mpikisano.