Mkamwini pa Chisankho cha Khansala

Ine ndidaimapo pa chisankho. Ndikanena zimenezi adzukulu anga amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kugwa nako kuseka, koma ndi zoona. Zidachitika ku Mangochi m'zaka zija za chipani chimodzi, tsitsi langa likadali lakuda bii.

Kwathu ndi kumapiri a ku Dedza. Ku Mangochi ndidapitako ndi kachikwama ka zitsulo, n'kupeza malo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, pomwe ndinkakonza mawailesi ndi mawotchi. Komweko ndidapeza mkazi, mwana wa m'banja la asodzi, ndipo monga mwa mwambo wawo ndidakamanga nyumba kwawo. Ankandisunga bwino, sindinganame. Komabe mkamwini ndi mkamwini. Chiyao changa chinali chopunduka, m'bwato ndinkachita chizungulire tisanachoke n'komwe pagombe, ndipo pa nkhani za pamudzi ankandiitana akamaliza kale kugwirizana.

Apongozi anga aakazi tinkathawana. Tikaonana patali panjira, iwo ankapatukira kumanzere atafunda chitenje kumutu, ine kumanja, nthawi zina mpaka m'minga. Mawu aliwonse ankadzera mwa mkazi wanga. Liwu lawo ndinkalidziwa chifukwa linkadutsa mpanda wa bango m'mawa uliwonse, koma nkhope yawo sindikadatha kuilozera pagulu.

Khansala wa dera lathu ku khonsolo ya tauni anali mlongo wawo wa apongoziwo, amene mkazi wanga ankawatchula kuti amjomba. Anali ndi mabwato ndi makoka, thupi lodzaza chitseko, ndiponso kuseka komveka kutsidya kwa Shire. Ndiwo adalera mkazi wanga bambo ake atamwalira. Mpando wa ukhansala adaukhalira nthawi yaitali popanda wopikisana naye, poti ndani akadayerekeza, theka la dera likudya za m'makoka awo.

Tsiku lina atcheyamani a chipani a m'dera lathu adafika pakhonde panga. Ndidayamba kufunafuna khadi langa la chipani m'thumba, koma iwo adandikupizira dzanja.

"Khadi muli nalo, tikudziwa. Jekete muli nalo?"

"Lilipo, bwana, la paukwati."

"Chizungu?"

"Cha m'mabuku a mawailesi, bwana."

"Chakwana. Kulikulu akuti ulendo uno mayina akhale awiri, anthu asankhe okha. Dzina lachiwiri ndi lanu."

Kukana kunalipo ndithu, koma masiku amenewo munthu wokana zoterezi ankayamba watsanzika ana ake. Ndidathokoza ndi manja awiri.

Kasankhidwe kake kanali kosavuta. Opikisana ankaima pabwalo la sukulu atayang'ana kutsogolo, anthu n'kundanda kumbuyo kwa amene amufuna, owerenga n'kuwerenga mitu. Dzina la wopambana linkapita kulikulu kuti akalivomereze. Panalibe kabokosi kobisalamo. Aliyense ankaona pomwe mnzake waima, ndipo ankakumbukira. Kukopa anthu kunali koletsedwa.

Amjomba atamva, adabwera okha pakhonde atanyamula chambo chachikulu chomangidwa ndi mlaza.

"Salamu aleikumu, akamwini! Kapena tiziti bwana khansala?" Adaseka mpaka wotchi yomwe ndinkakonza idagwedezeka patebulo. "Idyani nsomba iyi, muime ndi mphamvu. Dzuwa la kuno si la kumapiri kwanu."

Sadakwiye m'pang'ono pomwe. Akadakwiya bwenzi kuli bwino, chifukwa kukadaonetsa kuti akundiwerengera.

Kugonja sikunkandiopsa, poti ndinkadziwa kuti andiika pamenepo kuti ndigonje. Chomwe chinkandiopsa chinali chakuti ndidzaima ndekhandekha pakati pa bwalo, kumbuyo kwanga kuli mbee, tauni yonse ikuonerera. Ndipo mkazi wanga adzaima kuti? Akaima kumbuyo kwanga, ndiye kuti wanyoza amjomba omwe adamulera, pamaso pa abale onse. Akaima kumbuyo kwa amjomba, kumsika adzaimba nyimbo yoti wa mawailesi uja ngakhale mkazi wake adamukana.

Ndidayesa kumufunsa mozungulira akusenda chinangwa.

"Mayi a mwana, Loweruka la chisankho lija dzuwa lidzakhala likuchokera mbali ya amjomba. Mbali yanga kudzakhala kamthunzi."

"Kodi bambo, mwayamba kukopa anthu?" adatero osadzutsa mutu. "Paja n'koletsedwa. Ndikakunenezani kwa atcheyamani."

"Ndikungonena za mthunzi."

"Mthunziwo ndauona."

Adaseka yekha, n'kupitiriza kusenda. Mkazi ameneyu akafuna kusunga chinthu mumtima, ngakhale mutabwera ndi khasu simungachifukule.

Koma taonani mmene mutu wa munthu umazungulirira. Kumsika aliyense adayamba kundiitana kuti bwana khansala, mwachipongwe, ndipo ine ndinkayankha mwachipongwe. Pasanathe sabata, ndidapezeka ndikuyankha ndi mtima wonse. Kayendedwe kadasintha. Ndidayamba kuima pa ngalande za kumsika manja ali kumbuyo, n'kumapukusa mutu ngati munthu amene akonza zinthu posachedwa. Ndidabwereka tayi kwa mphunzitsi wina, ndipo pakhonde pakakhala popanda anthu ndinkayeserera kukweza dzanja, ndikudziyang'ana pagalasi la kabokosi ka mawotchi. Agogo ena atandipatsa moni wautali wachiyao, ndidawerengera kuti mutu umodzi uwo, osadziwa kuti amangofunsa ngati wailesi yawo yatha.

Loweruka lidafika ndi dzuwa lake. Bwalo la sukulu lidadzaza. Amayi ankaimba nyimbo za chipani, anyamata a chipani a malaya ofiira ankakankhira anthu m'mbali, ndipo alendo ochokera kulikulu adakhala patebulo loyalidwa nsalu pansi pa mtengo wa mango. Ine m'jekete ndi tayi thukuta linali kamukamu. Amjomba adabwera ndi mkanjo woyera ndi kofia, akukupiza mphepo ndi kansalu.

Adatiimika motalikirana pang'ono, tonse titayang'ana khoma la kalasi. Pakhomapo panali ana a sukulu atakhala mondondozana, miyendo ili lendelende. Atcheyamani adanena mokweza kuti aliyense amve:

"Opikisana, osacheuka mpaka owerenga amalize! Wocheuka ndiye kuti akuopseza anthu ndi maso."

Wina adaliza wezulo, ndipo bwalo lonse lidanyamuka. Fumbi lidati kobo. Ndidatchera khutu ngati ndikusaka siteshoni yakutali. Mapazi onse ankamveka kulowera mbali ya amjomba, amuna akuitanana mayina, ena akuseka. Amjomba ankang'ung'udza kanyimbo, ndipo adandinong'oneza osatembenuza mutu: "Akamwini, mukafuna kukomoka mugwere mbali ino, ndikuwakhani."

Kumbuyo kwanga kunali zii. Ndidayang'anitsitsa mng'alu wina pakhoma, manyazi atandigwira. Kenako ndidamva wina ataima pafupi, ndi kakhanda kakuchita ntchirikwiti. Mwana wathu ankachita choncho akangoyamwa. Koma ndi khanda liti ku Mangochi lomwe silichita choncho? Ndidanunkhiza mpweya, n'kungomva utsi wa nsomba, womwe unali fungo la munthu aliyense pabwalopo.

Posakhalitsa kudamveka mapazi ena, ambiri, opepuka, ndi zibangili zikulira. Manong'onong'o achiyao, kuseka kobisa m'chitenje. Ana a pakhoma aja adasiya kugwedeza miyendo, nayamba kuloza kumbuyo kwanga akugundana m'nthiti. Kanyimbo ka amjomba kadaduka. Mtima wanga udayamba kuvina gule wa beni. Kodi ndi anthu anga amenewo, kapena angosowa malo kumzere winawo? Nanga mkazi wanga ali pomwepo?

Owerenga adayambira mzere wa amjomba, pang'onopang'ono, akugwira phewa la munthu aliyense. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndidadziuza mawu amenewa kangapo. Koma khosi linkayabwa. Ndidati ndingoba ndi ngodya ya diso, palibe aone. Diso lidakoka mutu, mutu udakoka mapewa, ndipo ndidapezeka ndatembenuka thupi lonse.

Mkazi wanga anali pomwepo, mwana ali kumsana, akunditong'olera maso kuti bwererani. Chimwemwe chidandikwera mpaka m'makutu. Ndipo kumbuyo kwake, pafupi moti ndikadatha kuwagwira dzanja, kunali mayi wamfupi wa ndolo yapamphuno, nkhope ngati ya mkazi wanga yomwe. Tidayang'anana m'maso, phwii. Kumbuyo kwawo kudandanda amayi oyanika usipa, mzere wokhotakhota mpaka kumjigo.

"Amao!" adakuwa mayiwo. "Akamwini!"

Apongozi anga adaponya chitenje kumutu n'kuliyatsa liwiro. Sindinkadziwa kuti munthu wa msinkhu umenewo angathamange chotero. Anzawo awiri adawathamangira kuti awagwire, ena adatsatira kuti akaone, otsalawo adagwa pansi ndi phwete, akumenya nthaka ndi manja. Nanenso mwambo udandigwira miyendo, ndidalumphira mbali ina n'kubisa nkhope m'jekete. Anyamata a malaya ofiira ankaliza mawezulo osadziwa woti amugwire. Mzere wonse uja udamwazika ngati nkhuku zaona kabawi.

Owerenga pofika kwa ine, adapeza mkazi wanga ali chiimire pamalo pake. Kumbuyo kwake kunali mlonda wina wa kwathu ku Dedza, ndi anthu angapo omwe mawailesi awo anali akadali kwa ine, ndipo ndikuganiza ankaopa kuti ndikakwiya sindiwabwezera.

"Mayi, anzanu apita," adatero wowerengayo, akulimbana ndi kuseka.

"Aliyense ali ndi miyendo yake, bambo. Ine ndilipo. Werengani."

Adawerenga, ndipo zala za dzanja lachiwiri sizidathe.

Atcheyamani adalengeza kuti amjomba apambana. Za kucheuka kwanga palibe adazikumbukanso, poti ngakhale alendo a kulikulu ankapukuta misozi. Nthungululu zidalira, ng'oma zidayamba, ndipo munthu amene adavina kuposa onse ndinali ine, wogonja. Ndidavina ndi jekete, tayi ili kumsana. Ndidathandiza nawo kunyamula amjomba m'mwamba, msana wanga n'kudandaula mwezi wathunthu. Iwo ali m'mwambamo ankandiloza akuseka, kenako adakuwa: "Walahi, akamwini, khosi lanu landipulumutsa!" Anthu ankati wa mawailesi wapenga ndi manyazi. Sankadziwa kuti ine ndinali nditaona zomwe ndinkafuna kuona.

Pobwerera kunyumba mkazi wanga ankayenda patsogolo. Tili pafupi kufika adatembenuka.

"Khosi limenelo, bambo! Amayi ayenda khomo ndi khomo kumatandala oyanikira usipa sabata yonse, mwakachetechete, inu n'kuwathamangitsa ngati mbuzi."

"Unawapempha ndiwe?"

"Ine? Ndadziwa lero lomwe, nditawamva akupuma kumbuyo kwanga."

Mpaka lero ndimanena kuti ndikadapanda kucheuka ndikadapambana. Mkazi wanga ankati ndisamaname, mzere wa amjomba unkazungulira kalasi. Tidakangana za nkhaniyi moyo wathu wonse, ndipo palibe adagonja.

Patapita masiku, zotsatira zidaulutsidwa pa wailesi. Anthu adadzaza pakhonde panga chifukwa mawailesi ambiri a m'deralo anali pamenepo. Woulutsa adayamba ndi mizinda ikuluikulu, mayina a makhansala osatha, kenako matauni a m'maboma. Atatchula amjomba, khonde lidagwedezeka. Ogonja sankatchulidwa, koma wina adakuwa kuti, "Nanga wachiwiri ndani?" ndipo onse adandiwombera m'manja. Ndidaimirira n'kukweza dzanja mwaulemu wonse.

Tsiku lomwelo mkazi wanga adabwera ndi uthenga. Apongozi akuti popeza taonana kale pamaso pa tauni yonse, kuthawana kwatha ntchito. Ndipite ndi nkhuku, tikalonjerane.

Ndidasankha tambala wonenepa. Ndidawapeza atakhala pamkeka pakhonde, nkhope ili poyera, ndipo ndidakhala pansi chapatali, maso ali pa zikhadabo za tambalayo. Tidapatsana moni, iwo m'Chichewa chawo, ine m'Chiyao changa, mkazi wanga akudziluma milomo pakhomo kuti asaseke. Nditalimba mtima ndidafunsa chomwe chinkandisautsa.

"Amayi, mpikisano unali ndi alongo anu a bere limodzi. Munaimiranji kumbuyo kwanga?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akubweza zaka zonse zomwe sadandione.

"Achimwene ali ndi nyanja yonse kumbuyo kwawo," adatero. "Inu munasiya amayi anu kumapiri n'kubwera kuno nokha. Akadamva kuti mwana wawo anaima pabwalo popanda munthu, akadati kumeneko kulibe amayi?"

Ndidafuna kunena zikomo m'Chiyao, koma misozi idagwera pa nthenga za tambala. Iwo adaitana mwana wawo kuti alandire nkhukuyo, poti akamwini ayithina kwambiri.