Juzi Yomwe Ndinayezera pa Shati Yakale

Nkhani yoti tichoke inamangidwa pakhonde la nyumba yathu ku Dedza, ine ndikusenda kachewere. Amayi, omwe ndi namwino, anali atapeza ntchito ku America. Adadi anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo zinawatsalira zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Anagwirizana kuti ine ndi amayi titsogole, iwo adzatipeza. Palibe anandifunsa, ndipo akanandifunsa sindikanayankha. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo pakamwa panga ndi polemera kuyambira kale. Zimene ndimalephera kunena ndimalemba m'kabuku kanga. Tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi: "Tikupita, adadi atsala." Polongeza katundu ndinatenga shati yawo yabuluu pachingwe n'kuibisa pansi pa sutikesi.

Tinafikira mumzinda wa South Bend, m'nyumba ya mnzawo wa amayi. Chipale chofewa chinayamba mu Novembala. Ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma tinkadzinamiza. Chipalecho sichichita phokoso ngati mvula pamalata. Umangodzuka n'kupeza magalimoto akwiririka, msewu wasowa. Kusukulu ndinkadya ndekha. Ana a Amalawi obadwira konkuno ndikawalankhula Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi, ine manyazi n'kuwonjezeka.

Munthu woyamba kucheza nane anali Mayi Noreen, woyendetsa basi ya sukulu. Podikira ana ankaluka, chiwongolero chili patsogolo pake. Tsiku lina anandicheukira.

"Iwe, sabata yonse ukungoyang'ana manja angawa. Ukufuna kuphunzira, kapena ukufuna kundibera?"

Ndinayankha motsitsa mawu kuti kuphunzira. Anati chimene ankalukacho ndi juzi ya asodzi. Makolo ake anachokera kuzilumba za ku Ireland, kumene akazi ankalukira amuna awo opita panyanja. Inali yochindikala, ya ulusi woyererako, ndi mizere yopotana ngati zingwe kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Nthawi yomweyo m'maganizo ndinaona adadi akutsika ndege m'chipale, atavala jekete yawo yopyapyala ija, ine ndikuwachingamira ndi juzi.

"Bambo ako ndi aakulu bwanji?" anafunsa Mayi Noreen nditamuuza kuti ndikufuna kulukira adadi.

M'mawa mwake ndinabweretsa shati ija. Anaitambasula pampando wa basi n'kuiyeza ndi tepi. "Eee, chimunthu chonsechi! Mwana iwe, ulusi uthera pa iwe."

Kabuku kanga ka nyengo imeneyo ndikakatsegula lero, muli zinthu ziwiri zokha: pamene juzi yafika, ndi mawu amene adadi atumiza pafoni. "Tada, kuno tonse tili bwino. Juzi yafika pati? Koma mwanawe, msodzi wa ku Dedza nsomba ndikagwira kuti, pamwamba pa phiri?" Ndinkawamvetsera katatu, kanayi. Mu Disembala ndinamaliza kumsana. Ndili mkati moluka kutsogolo ndinapeza kuti chingwe chimodzi ndachipotera kumanzere m'malo mwa kumanja, mizere isanu ndi itatu m'mbuyomo. Ndinati palibe adzaone. Mayi Noreen anakana. "Masula lero. Mawa chidzakhala pansi kwambiri." Ndinamasula misozi ikulengeza.

Chakumapeto kwa mwezi womwewo adadi anasiya kuyimba foni yoonana nkhope. Ankati netiweki yavuta. Mu Januwale amayi anati tikusamukira ku Indianapolis, kufupi ndi Lafayette Road, chifukwa kumeneko apeza chipatala chowalola kugwira maola ambiri. Anati adadi akufuna kukonza denga, ndalama zikufunika. Ndinatsanzikana ndi Mayi Noreen pakhomo pa basi. Anandipatsa pepala lolembapo kalukidwe ka manja a juzi, n'kunena kuti ndisamulilire pamaso pa ana.

Ku Indianapolis chipale chinali chochepa, chodetsedwa ndi matayala. Amayi ankabwera atatopa, n'kukayimba foni m'galimoto. Ine ndinkakhala pawindo n'kumaluka manja a juzi ndekha, dzanja lililonse ndikuliyeza pa shati ija. Ndinamaliza mu Marichi, chipale chomaliza chikusungunuka m'mbali mwa msewu. Ndinatumiza chithunzi. Adadi anayankha kuti, "Usadikire kuti ndibwere kumeneko. Juni wa ku Dedza akuidikira."

Sukulu itatsekera tinanyamuka. Ku bwalo la ndege ku Lilongwe anatichingamira azakhali, alongo awo a adadi. Anati adadi atanganidwa pang'ono. Juzi ndinaifukata pamiyendo njira yonse. Titafika, ndinayamba kuona denga: malata omwe aja, dzimbiri lomwe lija. Pakhonde panali bambo wina wowonda atafunda bulangete, akuwothera dzuwa. Ndinagwada monga tichitira kwa alendo.

"Muli bwanji, bambo?"

"Tada," anatero. "Mpaka kundipatsa moni wa mlendo?"

Mawuwo anali omwe aja ndinkamvetsera katatu, kanayi.

Inali khansa ya m'mimba. Anaipeza mu Disembala. Ndalama za denga zinkapita ku mankhwala ndi maulendo a ku chipatala. Azakhali anandiuza zimenezi kuseri kwa khitchini, akundigwira dzanja.

"Wakutali sauzidwa matenda, mwana wa achimwene. Ukanatani uli kumeneko? Ukanangolephera mayeso."

"Nanga amayi?"

"Amayi ako akudziwa kuyambira tsiku loyamba. Bambo ako ndi amene anati iwe usamve."

Ndinakumbukira mafoni a m'galimoto aja. Ndinkayesa kuti amayi amafuna kupuma. Mudzi wonse unkadziwa, atchalitchi ankadziwa, ana a sitandade 6 amene adadi ankawaphunzitsa ankadziwa. Ine ndinali pawindo ndikuwerenga mizere.

Juzi sindinafune kuitulutsa. Adadi ndi amene anaifunsa.

"Katundu wanga ali kuti? Kapena mwagulitsa ku kaunjika?"

Amayi anawathandiza kuvala. Mapewa a juzi anafika pafupi ndi zigongono. Manja tinapinda katatu kuti zala zioneke. Adadi anaimirira atagwira mzati wa khonde, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti azakhali aone kumsana.

"Mwaona zingwe izi, achemwali? Palibe chokhota ngakhale chimodzi."

"Adadi," ndinatero, "ndingathe kuimasula. Ndili ndi masabata asanu. Ndiluka ina yokukwanani."

"Unayezera pa chiyani?"

"Pa shati yanu yabuluu."

"Ndiye ndiwe! Ine ndakhala ndikunamizira mbuzi za aneba." Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anasisita chifuwa cha juzi ndi chikhatho. "Usaimasule. Sunalakwitse muyeso. Bambo ako ndi amenewa. Matendawa ndi ongobwera."

Anaivala tsiku lililonse la Juni ndi Julayi. Tsiku lochapa ankakhala pafupi ndi chingwe kudikira kuti iume. Anatisiya mu Seputembala, ife titabwerera kuno. Ulendo uno foni inabwera kwa ine ndi amayi pamodzi.

Amayi sindinawakwiyire nthawi yaitali. Anasenza okha nkhani ija nyengo yonse yachisanu, n'kumandiyamikira juzi madzulo aliwonse. Kwathu amakonda munthu pomubisira, ndipo inenso ndinkatero: m'mauthenga anga onse sindinanenepo kuti kusukulu ndimadya ndekha. Tonse tinkati tili bwino.

Lero chipale choyamba chagwa ku Indianapolis. Azakhali atumiza uthenga kuti pogawa zovala za adadi, juzi sanapatse aliyense. Aisunga m'sutikesi mpaka ndidzabwere. Afunsanso kuti ndili bwanji. Ndinalemba kuti "ndili bwino," kenako ndinafufuta. Ndawalembera kuti kuno kukuzizira, ndipo ndawasowa adadi.