Bedi la Ludmila

Ovidio Barrionuevo anali wosoka mipando ya mabasi ku Río Cuarto, ndipo pa ntchito imeneyo panalibe womuposa. Vuto lake linali limodzi: kumaliza chinthu kunkamuvuta. Mpando woti mnzake akanausoka m'mawa umodzi, iye ankausoka, kuuphwasula, kuusokanso, ati mzere wina wakhota pang'ono. Pamalo poti pakhala matako a munthu! Mkazi wake Griselda anapirira zaka khumi ndi chimodzi, kenako analongedza, n'kutenga mwana wawo Ludmila, ulendo kwa abale ake ku Neuquén, mtunda wa tsiku lathunthu pa basi.

Khoti linamupatsa Ovidio Loweruka ndi Lamlungu limodzi pamwezi loti azionana ndi mwanayo. Chaka choyamba sanaphonyepo. Ankafika mapazi atatupa, kumutenga mwana pageti, kenako n'kusowa kopita naye. Kachipinda ka alendo komwe ankagona kankanunkha fodya, sakanalowetsamo mwana. Ndiye ankakhala pamalo omwetsera mafuta, pa katebulo ka pawindo, akudya timabanzi ta shuga, panja chimphepo cha kumeneko chikuulutsa fumbi. Ludmila ankajambula akavalo patimapepala topukutira pakamwa. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anafunsa osadzutsa n'komwe mutu: "Adadi, inuyo kuno mulibe nyumba?"

Funsolo linamulasa mumtima. Asanasiyane tsiku limenelo anatulutsa ulusi wosokera mipando m'thumba, n'kumuimika mwanayo pakhoma. Anamuyeza kuchokera ku chidendene mpaka paliwombo, n'kumanga mfundo. Anali ataganiza kale: agula nyumba yoyenda, galimoto zija zokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati.

Kokasankha anapita ndi mchemwali wake wamkulu, Nélida, mayi wosadziwa kubisa mawu. Wogulitsa anayamba ndi chigalimoto chachitali ngati basi.

"Iyi ndiye, bwana, mufika nayo kumapeto kwa dziko. Bafa, firiji, wailesi yakanema, chilichonse!"

"Kumapeto kwa dziko kulibe wanga," anayankha Ovidio. "Ine ndikupita mumsewu umodzi, kamodzi pamwezi."

Zofuna zake anali atalemba kuseri kwa katoni ya singano. Galimotoyo ikhale yaifupi, yoti iime mumsewu wopanikiza wa kwa Griselda. Ikhale ndi chotenthetsera m'kati chosadalira injini, poti kuzizira kwa ku Neuquén sikuseweretsa. Denga lisadonthe, chifukwa galimoto yoima masabata atatu imawola ndi chinyezi mwini wake osadziwa. Pakhale tebulo loti anthu awiri akhale moyang'anizana. Chomaliza anachilemba mozamitsa cholembera: bedi la mwana, lokhala ndi windo.

Zinatsala ziwiri. Yabuluu inali ndi zonse, kungoti bedi lake linalibe windo, ndipo nsalu yake inali yofiirira, yosokedwa mwachisawawa. Yoyera inali yolimba denga, koma m'kati munali mophwasuka, bedi litadyedwa ndi chinyezi cha pawindo.

"Tenga yabuluuyi," anatero Nélida. "Uthire mafuta, Lachisanu unyamuke."

Ovidio anapapasa msoko ndi chala, n'kukwinya nkhope. "Achemwali, taonani kusoka kwakeku. Mwana wanga agone apa?"

"Iwe! Mwana akufuna bambo ake, sakufuna nsalu. Ukufuna kukwatira galimotoyi kapena kuyendamo?"

Wogulitsa anaseka. Ovidio sanaseke. Anagula yoyera, ati akonza yekha, miyezi iwiri basi.

Apa ndiye pandipweteka ine pofotokoza, chifukwa munthuyu sanali woipa. Pakati pa sabata anali ndi mabasi a anthu, nthawi ya galimoto yake inali Loweruka ndi Lamlungu. Mwezi woyamba anaimbira Ludmila foni: "Mama, mwezi uno wokha sindibwera. Ndikukukonzera chinthu."

"Chinthu chanji, adadi?"

"Chinsinsi. Udzaona."

Bedi analicheka potsata ulusi uja, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi, ati mwana amakula. Malo otsala kumapazi anamangapo kakabati ka zidole, ka timadirowa tisanu ndi kamodzi, kena n'kudzazamo makrayoni. Pa matiresi anapetapo akavalo. Kavalo wina anatuluka ndi khosi lalitali, anaphwasula onse. Chaka chimenecho ku Neuquén anapitako kawiri. Chotsatira kamodzi. Chachitatu sanapondeko, koma foni ankaimba, ndipo mafoniwo ankafupikirafupikira.

Nélida ankati akabwera ndi chikho cha yerba, tiyi wakumeneko womwera chikho chimodzi mopatsirana, n'kumupeza ali chogwada m'galimoto muja, ankapsa mtima. "Ovidio, ukuganiza kuti mwana uja wamuika mufiriji? Pita ndi zimenezi momwe zililimu!"

"Kwangotsala makatani, achemwali."

Makataniwo anatha patapita zaka zitatu. Anafika ku Neuquén Loweruka masana, galimoto n'kulowa mumsewu wopanikiza uja bwinobwino, monga momwe anawerengera. Pageti panatuluka mtsikana wamtali, atanyamula ndodo yosewerera mpira wa hoke paphewa. Ovidio anasuzumira kumbuyo kwake, kufuna mwana wake.

"Ndine, adadi," anatero Ludmila, n'kumupsompsona patsaya mwaulemu, ngati mmene amachitira ndi alendo.

Analowa. Anamuonetsa chotenthetsera, tebulo, makatani. Mtsikanayo ankangoti, "Ndi yokongola, adadi." Atafika pa bedi, Ovidio anali ataona kale ndi maso a mmisiri kuti sakwanapo, komabe pakamwa panatuluka mawu amene anawasunga zaka zitatu: "Tagona uone pawindo."

Ludmila anavula nsapato n'kukwera. Mutu unagunda khoma, mapazi anagunda kakabati, mawondo ali m'mwamba. Anatembenukira cham'mbali, n'kudzipinda kuti akwanepo. "Zili bwino, adadi. Ndikhoza kumagona chonchi."

Ulusi uja unali m'thumba la malaya. Sanautulutse.

Mtsikanayo anadzuka, n'kutsegula kadirowa kamodzi, n'kupeza makrayoni asanatsegulidwe. Anawayang'ana nthawi yaitali. "Ine ndinkaganiza kuti mwatopa nane," anatero.

"Aa, mama! Ine? Si ndimakumangira izi?"

"Pamalo a mafuta paja panalibe vuto, adadi. Ndinkapakonda. Loweruka lanu likafika ndinkavala nsapato m'mamawa, n'kukhala pageti. Amayi ankachita kundilowetsa." Sanalankhule mokwiya ayi, bola akanakwiya. Anatseka kadirowako pang'onopang'ono. "Ndili ndi masewera 3 koloko. Anzanga akundidikira."

Atapita, Ovidio anatenga sikuludiraiva. Kakabati kamene kanamudyera miyezi isanu anakagwetsa pa ola limodzi, chitseko chili chotsegula, fumbi likulowa, akulira mokweza osasamala anthu odutsa. Analumikiza bedi ndi matabwa a kabati komweko, n'kuyalapo bulangete. Msoko unali woonekera, wokhota, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anausiya choncho.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo sanaphonyenso mwezi ngakhale umodzi. Amaimika pamalo omwewo, n'kutereka ketulo. Ludmila amabwera, ndi mwana wabwino. Amakhala pa tebulo lija moyang'anizana ndi bambo ake, kupatsirana chikho cha tiyi, kuwafotokozera za sukulu ya unamwino. Ola likakwana amayang'ana foni, kuwapsompsona patsaya, n'kumapita. Sanagonemo ngakhale kamodzi.

Chaka chatha Nélida anatsagana naye. Pobwerera, pakati pa chigwa chopanda ndi mtengo womwe, msana unamugwira mayi uja. Anauza Ovidio kuti aimike, n'kupita kumbuyo akutsimphina, kufuna kudziwongola pa bedi la pawindo.

"Apo ayi, achemwali. Gonani pangapa."

"Iwe, pako n'polimba ngati thabwa. Apa pagona ndani?"

Ovidio anawongola ngodya ya bulangete imene mchemwali wake anaikhwinyata ndi dzanja. "Mwina mwezi wamawa," anatero.