Chulu cha Ernest

Ernest Mphepo ndi mwana wa mlongo wanga Lefina. Amalima fodya wa bale ku Lisasadzi monga tonsefe. Si mlimi woposa anzake. Chimene ali nacho ndi pakamwa, ndi foni yagalasi losweka imene anagula ku Boma chaka china fodya atayenda bwino.

Kumudzi kwathu netiweki imagwira malo amodzi, pachulu cha kuseri kwa chigafa chake, momwe amayanikamo fodya. Udzu wa pamwamba pa chulucho unatha ndi mapazi a Ernest.

Anayamba ndi nazale. Anajambula mmene amafesera, mmene amaphimbira ndi udzu, n'kuika pa Fesibuku. Amene anaonera ndi mkazi wake ndi aphunzitsi ena a kupulayimale basi. Wina akanaleka. Iye ayi. Munthu akalemba funso, ankamuyankha tsiku lomwelo, ndipo ankamutchula dzina ngati anakulira limodzi. Bambo wina wa ku Mwase, Watson, analemba kuti mbande zake zikuola m'tsinde. Ernest anamufunsa mmene amathirira, namuuza kuti achepetse madzi ndi kuchotsako udzu wina. Mbande zinachira. Watsonyo anauza anzake, anzakewo anauza ena.

Zitadutsa nyengo zingapo, omutsatira anafika m'zikwi. A ku Mchinji, a ku Rumphi, ena ali ku Joni amene anasiya khasu kalekale koma mtima umawawawa akaona masamba ali lende pamikangala m'chigafa.

Ndinamufunsa tsiku lina ndili pansi pa chulu.

"Anthu akowa amakupatsa chiyani?"

"Amandidikira, amalume."

"Nkhumba nazonso zimadikira."

Anaseka, koma maso anali ofiira. Anati likangodutsa tsiku osaika kanthu, anthu amapita kwa wina. Choncho masana ankathyola ndi kusoka, dzuwa likapendeka n'kukwera pachulu kukayankha. Mkazi wake ankamutumizira chakudya komweko. Anaonda.

Mu Malichi, ntchito yothyola ili pakati, anamwalira mayi Fainala, oyandikana nawo nyumba. Kwathu kuno maliro akagwa khasu limagona, singano yosokera fodya nayonso imagona, mpaka titaika. Ernest sanagwire ntchito, zimenezo ndikhoza kuchitira umboni. Koma anali ndi vidiyo imene anajambula kale akusoka masamba, ndipo m'mawa wa tsiku loika anaiponya ndi mawu akuti, "Lero tikusoka, alimi anzanga!" Mafunso atayamba kubwera, anazemba pasiwa.

Njira ya kumanda imadutsa m'munsi mwa chulucho. Bokosi linadutsa, amayi akuimba, Ernest ali pamwamba, foni m'mwamba, akumwetulira munthu wa ku Mchinji. Atationa anatsika mothamanga. Koma tinali titamuona kale. Vidiyo ija anyamata anakaiona kumsika, naionetsa aliyense.

Mkulu wa adzukulu amene amatikumbira manda, dzina lake Tsoka, anaona zonsezo. Adzukulu sakalipa. Amasunga mumtima.

Ndinamuuza Ernest kuti agwire nkhuku akapepese kwa adzukulu. Anavomera. Kenako kunabwera kusankha masamba, kudinda mabelo, ulendo wa kuokushoni, ndipo chilichonse chinafunika kujambulidwa. Nkhuku inapitiriza kudya pabwalo.

Mu Julaye mlongo wanga Lefina anamwalira. Anadwala nthawi yaitali, tinkayembekezera.

Adzukulu anafika kumanda m'mawa. Anagoneka makasu pansi, nakhala pamthunzi. Atandiuza kuti dothi silinakhudzidwe, ndinapita ndi Ernest.

"A Tsoka, dzuwa likukwera."

"Likwere, amalume ake. Ife tikudikira anzathu a m'foni. Timamva kuti alipo zikwi. Dzenje limodzi silingawavute."

Wina kumbuyo anati, "Mwina netiweki yavuta. Munyamule chulu chibwere kuno."

Anaseka, koma osati kwambiri. Kunali kumanda.

Ernest anali atalengeza za imfayo pa Fesibuku mbandakucha. Anandionetsa mapepani amene anali atafika kale, ochuluka, ndi tizithunzi ta manja opemphera. Ndinamuuza abweze foniyo m'thumba.

Anatola khasu yekha. Mwana kukumba manda a amake ndi manyazi a banja lonse, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Dothi la mu Julaye ndi njerwa. Khasu linkadumpha. Ine msana unatha kale, ndinangoima. Kumudzi amayi ankaimba nyimbo zomwezomwezo mobwereza, kudikira uthenga wa kumanda.

Dzenje lisanafike m'mawondo, kabaza anaima pamsewu. Anatsika bambo wamfupi, wa imvi, wovala jekete lalikulu. Mayi wina anamulozera kumene tinali.

"Zikomo, eni kuno. Pepani ndi zovutazi. A Ernest ndi ati?"

Ernest anadzutsa mutu.

"Ndine Watson, wa ku Mwase. Wa mbande zija."

Anali asanaonanepo. Watson anayang'ana dzenje, anayang'ana anthu okhala pamthunzi, ndipo sanafunse. Mlimi wa kuno sachita kuuzidwa zimenezi. Anavula jekete, nalipachika pamtengo, natola khasu lachiwiri.

"Ndinu zikwi zija?" anafunsa Tsoka.

"Ndabwera ndekha, achimwene. Enawo sindiwadziwa."

Anakumba awiri. Tsoka anayang'ana kwa kanthawi, akutafuna kaudzu. Kenako anadzuka.

"Mukukhotetsa. Kwanu ku Mwase mumaika anthu chopinda?" Analanda khasu m'manja mwa Watson. "Mlendo atikumbire manda ife tili pompano? Tulukanimo. Nawenso Ernest tuluka, ukalire amako. Nkhuku ija ndiione lero."

Tinaika Lefina dzuwa litapendeka. Nkhuku inapita madzulo omwewo, ndinaigwira ndekha.

Ernest akujambulabe. Koma uthenga wa maliro ukamveka, foni amaisomeka kudenga la chigafa, ndipo imakhala komweko mpaka titabwera kumanda. Nyengo ya mvula maliro amachuluka, ndiye masiku ena tsamba lake limangokhala zii. Omutsatira ambiri anamuthawa. Akuti anapita kwa mnyamata wina amene amavina ndi masamba a fodya m'manja. Ernest akanena zimenezi amayang'ana pansi. Zimamupweteka ndithu, sindingabise.

Otsalawo amafunsabe za nazale, ndipo amawayankha mmodzimmodzi, powatchula maina. Watson amabwera nthawi yofesa, amakangana za madzi.

Dzana ndinadutsa pachulu. Mbali ya kunjira ya kumanda udzu wayamba kumera. Mbali inayo ndi dazi lomwe lija.