Mlalang'amba M'buku la Malipoti

Bambo mlonda a pa ofesi yathu anali ndi mlandu umodzi wokha. Madzulo aliwonse ankazimitsa getsi la pageti kwa mphindi makumi awiri. Ankati maso amayamba azolowera mdima, ndiye nyenyezi nkumaoneka. Zonse zimene aona ankazilemba mokhulupirika m'buku la malipoti.

Bwana wa zachitetezo atawerenga bukulo anawaitanitsa, kalata yochenjeza ili kale patebulo.

"Madala, Mlalang'amba ameneyu ndi ndani? Mwalemba kuti wadutsa pamwamba pa ofesi kasanu sabata ino, koma simunamugwire."

"Ameneyo sagwidwa, bwana. Ndi mzere wa nyenyezi uja, woyera ngati utsi."

Bwana anakhosomola, nkulamula kuti getsi lisadzazimenso, apo ayi ntchito yatha.

"Likayaka ndimangoona geti, wakuba nkumaona ine," anatero madala. "Likazima ndimaona mpanda wonse, ndi kumwamba komwe. Kalata yondichotsayo yambanipo kulemba."

Bwana anailembadi. Koma kalata yotere imafuna masiginecha atatu, ndipo wosaina wachitatu anapita kumsonkhano umene sunathe mpaka lero. Madala adakali pageti, khosi chagada kuyang'ana nyenyezi.