Tsiku Limene Bwalo la a Yesaya Linadzaza

A Yesaya Masiye anabadwira ku Chipoka, kuseri kwa njanji, ndipo Mulungu powaumba anaiwala kunena kuti basi. Anangotalika. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu amayi awo anasiya kuwawomba makofi chifukwa dzanja silinkafika. Bambo awo anawayesa m'bwato, bwato linakana. Anawayesa kusukulu, sukulu inawapirira mpaka sitandade sikisi n'kuwabweza. Akanakalambira padoko akusenza matumba pakanapanda mzungu wina wa ku Amereka amene ankaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi chakuno ku Salima, dziko litangolandira kumene ufulu. Mzunguyo anawapeza akutsitsa simenti m'sitima, anayang'ana kumwamba kumene kunali mutu wawo, n'kuwalemba ntchito pompo.

Simentiyo inali ya bwalo lamasewera. Anaikhuthula pansi n'kusalaza bwinobwino, anazika zitsulo ziwiri uku ndi uku, pamwamba thabwa ndi mkombero, mzungu nati masewerawa dzina lake basiketibolo. Tsiku loyamba anthu a kumsika anabwera kudzaona. Anapeza amuna andevu akunjanjitsa mpira pansi ndi manja, n'kumauponya mumkombero. Anayang'anana. Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anagamula mlandu.

"Aa! Si ntchemberembaye uyu? Anene, tiwabwereke zitenje."

Anthu anaseka n'kubwerera kumsika, ndipo sanabwerenso.

Mzungu uja atapita kwawo anasiya mipira itatu, wezulo, ndi a Yesaya. Pamapepala a koleji a Yesaya anali wosunga sitolo, woyang'anira makasu, matsache ndi choko. Koma ikakwana folo koloko ankatseka sitolo n'kukaima pasimenti paja ndi anyamata a koleji, kuwaphunzitsa zimene mzungu anawasiyira m'manja. Ndipo ankadziwa, musawanyoze. Munthu wolephera longodivishoni uja akagwira mpira ankasanduka wina. Ankauponya ngati akuika dzira m'chisa.

Vuto linali Loweruka. Tsidya la msewu kunali bwalo la mpira wamiyendo, fumbi lokhalokha, magolo a nsungwi, koma anthu ankadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo ya mango. Ng'oma, nthungululu, ndewu, zonse zinali kumeneko. Kwa a Yesaya kunkamveka mpira wokha, du, du, du, ndi mbuzi zikubzikula pamthunzi wa thabwa. Akazi awo, a Pauline a ku Chinguluwe, anabwerapo kamodzi atangokwatirana kumene. Anakhala pang'ono, anati asiya nyemba pamoto, ndipo nyembazo zikuoneka kuti sizinapse zaka makumi awiri.

Woonerera analipo mmodzi, Che Twaibu, wosoka maukonde kugombe, munthu wa mwendo umodzi wofota. Sanabwere chifukwa chokonda mpira ayi. Ankadutsa tsiku lina kuchokera kumzikiti, anaona mikombero ili yamaliseche, mtima unawawawa.

"Walahi, achimwene, chitsulo chopanda ukonde? Nanga nsomba yanu mudziwa bwanji kuti yalowa?"

Patapita masiku atatu anabweretsa timaukonde tiwiri toluka ndi ulusi wotsala. Anakhala pachitini chakale chimene chinali pambali pa bwalo kuti aone ngati tikugwira ntchito, ndipo chitinicho chinakhala malo awo zaka khumi ndi ziwiri. Malamulo anawaphunzira okha. Pofika chaka chachitatu ankakalipira anyamata kuposa a Yesaya.

"Iwe Robert! Manja amenewo ndi a phala? Ponya, mwana wa anthu, ponya!"

Robert, mnyamata wa ku Mulanje amene anali kaputeni mu 1978, chaka cha nkhani yathuyi, ankati akamva mawu a Che Twaibu mpira umadziwa wokha njira. Loweruka lililonse a Yesaya asanaimbe wezulo ankayamba ayang'ana pachitini.

Mu 1978 kunabwera apulinsipolo atsopano, a Henry Chimbalanga, munthu wosakonda kuona chinthu chikugona. Koleji inali ndi munda wa mpunga, ndipo mwezi wa Meyi mpunga unacha wambiri, poyanika n'kusowa. Anaitanitsa a Yesaya kuofesi.

"A Masiye, simenti ija ikungodya dzuwa."

"Ana amasewerapo, bwana."

"Ana khumi, mbuzi, ndi mdala wa chitini. Ndimaona pawindo pano." Anavula magalasi. "Loweruka la sabata yamawa kukubwera anzathu a koleji ya ku Lilongwe. Ndikadzaona anthu, bwalo ndi lanu mpaka kalekale. Ndikadzaona mbuzi, Lolemba tiyanikapo mpunga, zitsulo zija tikapangire geti."

A Yesaya anatuluka miyendo itatalika kuposa kale. Analemba zikalata n'kukhoma m'mitengo kuyambira kusiteshoni mpaka kugombe. Anapempha akulu a mpingo kuti alengeze Lamulungu. Analengezadi, pakati pa za maliro ndi za masika, anthu n'kumangoyasamula. Analowa mumsika kukopa mmodzimmodzi.

"Kudzakhala chakudya?"

"Ayi, koma mudzaona luso."

"Nanga ndewu?"

"Ndewu kulibe, ndi masewera aulemu."

"Ndiye tikatani kumeneko, a Yesaya?"

Pofika Lachinayi anali atalonjezedwa ndi anthu anayi, awiri mwa iwo oledzera. Apa ndi pamene anaganiza nzeru imene inawadya moyo wonse. Masiku amenewo munthu wodziwa kudzaza bwalo analipo mmodzi m'dera lililonse, tcheyamani wa chipani. Wathu kuno anali a Jasten, wamfupi, wa jekete ngakhale mu Okutobala. A Yesaya anapita chipewa chili m'manja kukawapempha kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. M'mutu mwawo ankati anthu akamva kuti atcheya adzakhalako, ena adzabwera kudzaonetsa nkhope. Basi, zomwezo.

A Jasten anamvetsera, anagwedeza mutu.

"Anthu? Mukufuna angati?"

A Yesaya anaseka, kuyesa nthabwala. A Jasten sanaseke.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, anyamata a chipani a malaya ofiira analowa mumsika ndi ndodo zawo n'kuutseka. Ena anatsikira kugombe. Amayi anasiya tomato pamphasa, asodzi anasiya usipa pathandala, telala anasiya thalauzi la munthu lili mwendo umodzi. Ngakhale mpira wa tsidya la msewu unaimitsidwa, osewera n'kubwera pamzere ali ndi fumbi lawo. A Yesaya ataona chinamtindi chikukwera njira ya kukoleji, misozi inalengeza. Zaka zonse zija ankalota zimenezi. Sanafunse kuti n'chifukwa chiyani khamu lonselo likuyenda osalankhula.

Pakhomo lolowera anyamata aja anamanga chingwe. Msonkhano wa atcheya sulowedwa wopanda khadi la chipani, ndipo aliyense wa kumsika anali nalo m'thumba kapena pamfundo ya chitenje, chifukwa popanda ilo sukanagula ngakhale mchere. Koma Che Twaibu sankapita kumsika, sankakwera basi. Moyo wawo unali gombe, mzikiti ndi chitini. Anafika okha, mwa nthawi yawo, akutsimphina, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu polemekeza alendo a ku Lilongwe.

"Khadi, mdala."

Anapisa m'thumba, anatulutsa lachaka chatha.

"Ili linafa kalekale."

"Ana anga, ine ndi wa pompano. Maukonde ali apowo ndaluka ndine. Funsani a Yesaya, si awo aima apo?"

A Yesaya anaimadi apo, pakati pa simenti, mpira kukhwapa, wezulo pakamwa. Munthu wamtali amaona patali, ndiye sanganame kuti sanaone. Anaona anyamata awiri akugwira Che Twaibu m'mapewa, kuwakokera pampopi wa koleji pamene pankakhala chithaphwi chosauma, n'kuwakhazika m'matope. Anaona wachitatu akutunga ndowa. Kofia inagwa, wina anaiponda. Che Twaibu sanakuwe. Anangotembenuza mutu kuyang'ana pasimenti.

A Jasten anali atakhala kale pampando wa apulinsipolo umene anawatulutsira panja.

"Yambitsani, aphunzitsi," anatero. "Anthu akudikira."

Palibe amene anawatchulapo a Yesaya kuti aphunzitsi chibadwire. Anayang'ana pampopi, anayang'ana apulinsipolo amene ankawerenga mitu ya anthu ndi maso, anayang'ana zitsulo zawo ziwiri. Anaimba wezulo.

Masewera a tsiku limenelo, akuti, anali okoma kuposa onse amene anaseweredwapo pasimenti paja. Akuti, chifukwa mwa anthu mazanamazana amene anakhala pansi mozungulira, woonerera panalibe. Anakhala monga ankakhalira pamsonkhano, miyendo yopinda, nkhope zouma, maso pamanja a atcheya. Pamaliro pamakhala bwino, anthu amaimbako. A Jasten akawomba m'manja katatu, khamu lonse katatu, phwa, phwa, phwa, kenako zii. Tsoka lake a Jasten sankadziwa kuti athu ndi ati. A ku Lilongwe anali ndi malaya ofanana okhala ndi manambala, athu anali ndi mavesiti osiyanasiyana, ndiye atcheya anaganiza kuti ovala bwinowo ndiwo oyenera ulemu. Alendo akagoletsa, Salima yense ankawomba m'manja. Robert anaponya kuchokera kutali katatu konse, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo, ndipo kunangomveka mwana akulira kumbuyo kwa amake.

Athu anapambana. A Yesaya ataimba wezulo lomaliza palibe anadzuka. Gogo wina anakoka mnzake chitenje.

"Nanga zolankhula ziyamba liti?"

Anadzuka atauzidwa. Kumsika anakapeza mbuzi zitamaliza tomato, kugombe akhwangwala atachita phwando pathandala. Pampopi panali patatsala dzenje m'matope pamene panakhala munthu.

Apulinsipolo anali munthu wosunga mawu. Lolemba anagwira a Yesaya chanza pamaso pa aphunzitsi onse.

"Ndaona anthu, a Masiye. Bwalo ndi lanu."

A Pauline ndiwo anabwera ndi nkhani ya kumsika. Amayi a tomato anawagulitsa osawayang'ana kumaso, osaika ndi basera lomwe. Wina anafunsa mokweza ngati amuna awo ali ndi masewera ena sabata ino, kuti adziwiretu asapikule katundu wambiri.

"Munalira mvula," anatero a Pauline akutula dengu. "Matope ake asenza ndi ena."

Lachitatu a Yesaya anatsikira kugombe. Anali ataganiza masiku atatu chimene angatengere munthu amene anamulakwira chotere, ndipo nzeru zawo za sitandade sikisi zinawafikitsa kwa a Jasten, kumene anagula khadi latsopano n'kulembetsa dzina la Che Twaibu. Anawapeza pansi pa mtengo, ukonde pamwendo, akusoka.

"Odi, Che Twaibu."

"Lowani, achimwene. Tausi, mphasa! Kwabwera alendo."

Mayi Tausi, akazi awo, anayala mphasa, anagwada kupereka moni, anabweretsa tiyi. Ulemu wonse unachitika, wosachotsera kanthu, ndipo a Yesaya akanakonda atatukwanidwa. Anayamba kufotokoza za mpunga, za geti, za kuti iwo sankadziwa. Che Twaibu ankangosoka.

"Anapambana ndani?"

"Ife."

"Robert anaponya za kutali zija?"

"Katatu. Zonse zinalowa."

"Alihamudulila. Ndinkamuuza kuti chigongono asamachitayire kunja." Analuma ulusi. "Ndinamva m'manja ndili pampopi, koma sizinkagwirizana ndi kulira kwa mpira. Ndinadziwa kuti akuwombera zina."

A Yesaya anatulutsa khadi lija, analipereka ndi manja awiri.

"Kuti Loweruka asadzakuvutitseninso."

Che Twaibu analilandira, analitembenuza, anapempha kuti awawerengere dzina. Kenako analiika pamphasa pakati pa awiriwo.

"Achimwene, zaka zonsezi munandiitanapo?"

"Ayi."

"Munanditumizirapo mwana kuti Che Twaibu bwerani?"

"Ayi."

"Ndinkabwera ndekha, ndi mwendo womwewu. Tsopano mwapeza anthu obwera ndi ndodo, ambiri, oti simenti yanu singawakwane. Mundifuniranji ine mmodzi?" Anatola singano yawo. "Imwani tiyi, azizira."

A Yesaya anamwa, anatsanzika, khadi analisiya pamphasa ngati aiwala. Asanafike panjanji anamva mapazi kumbuyo. Anali mayi Tausi. Anagwada m'mbali mwa njira monga mwa mwambo, anatambasula manja awiri.

"Mwasiya katundu wanu, bambo."

Loweruka lotsatira anyamata anabwera asanu ndi atatu. Linalo asanu. Kumsika ankawatcha ana a atcheya, ndipo mnyamata wa koleji angapirire njala ndi nsikidzi, koma osati kusekedwa ndi atsikana ogulitsa zitumbuwa. Robert anamaliza maphunziro ake chaka chomwecho, anatumizidwa ku Nsanje, sanalembeko kalata. A Jasten anatumiza uthenga kawiri kufunsa kuti masewera ena aliko liti, poti anasangalala kwambiri. A Yesaya anayankha kuti mipira inaphulika.

Anakhalabe pakoleji zaka zina khumi ndi chimodzi. Chaka chilichonse ankapeza anyamata atsopano atatu kapena anayi, ochokera kutali, osadziwa mbiri, n'kuwaphunzitsa mpaka nawonso atamva. Apulinsipolo anasintha kawiri, ndipo aliyense pochoka ankauza mnzake kuti simenti ija musaikhudze, ndi ya a Masiye, analonjezedwa. Che Twaibu anamwalira mu 1985. A Yesaya anapita kumaliro, anaima kumbuyo kwenikweni kuti asaoneke, koma munthu wotalika chotero abisala kuti? Anthu ankatembenuka mmodzimmodzi, kuwayang'ana, n'kubwezanso maso kutsogolo.

Bwalo lawo palibe anawalanda mpaka tsiku limene anapuma ntchito.